Khoma Lomwe Ndinalemba Penti Yofiira

Mpaka lero ndikamva buludoza ikulira, ndimatembenukira kumbali.

Ndinali kapitawo pa ntchito yomanga maofesi kufupi ndi njanji ku Kafue. Pakati pa malowo panali nyumba yakale ya anthu a sitima, ya njerwa zofiira. Ba Mwiinga, mayi amene anajambula pulani, anafuna kuti maofesi a magalasi aizungulire mbali zitatu, iyo ikhale polandirira alendo. Chogwetsa chinali chimodzi chokha: kachimbudzi komatidwa kumbuyo kwake.

Anandipatsa pepala nkufunsa ngati ndamvetsa. Ndinati inde (pulani sindinkaidziwa kuwerenga bwino, koma munthu wovala chipewa choyera cha ukapitawo sanena zotero). Iwo atabwerera ku Lusaka, ndinatambasula pepala lija, mutu pansi miyendo m'mwamba, ndipo ndinapaka mtanda wofiira pakhoma la khonde lakutsogolo. Woyendetsa buludoza anandifunsa kawiri ngati ndikutsimikiza. Ndinamuyankha kuti wophunzira pano ndine.

Khomalo linagwa nthawi imodzi. Ndinaombanso m'manja.

Fumbi lisanakhazikike, anatulukira Ba Tembo pa njinga yawo. Anali mdala wa ku Estates, dera lina la m'tauni momwemo, wopuma ntchito ku fakitale ya feteleza, ndipo m'mawa uliwonse ankabwera kudzaona mmene tikugwirira. Atate awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo anali mmodzi mwa amene anamanga nyumbayo. Pakhoma lomwe lija amisiriwo anadinda zikhatho zawo m'simenti yaiwisi. Ine ndinkayesa ndi matope a ana.

Sanakalipe. Anatsamiritsa njinga, nayang'ana muluwo nthawi yaitali.

"Mwana wanga," anatero, "batate tilibe chithunzi chawo. Manda yali kumunzi. Nenze kubwela kugwila kwanja kwawo apa."

Kani m'mawa uliwonse ankadzagwira dzanja la atate awo pakhomapo. Ndinati pepani. Mawuwo anatuluka aang'ono ngati a nkhuku yonyowa.

Ba Mwiinga anafika masana. Anazungulira nyumbayo, napeza chimbudzi chili chiimire, chathanzi, ngakhale chitseko chake osakandika. Anandifunsa motsitsa mawu ngati chimenechi ndicho mbiri ya Kafue imene ndasankha kusungira mtundu. Chipewa anandilanda pomwepo.

Sabata yonse ndinagwada m'zigumuka, kutola njerwa imodziimodzi, Ba Tembo ali pambali panga. Tsiku lachinayi tinapeza kachidutswa ka simenti kokhala ndi zala zitatu. Anaikapo zala zawo, nati sakudziwa ngati ndi za atate awo kapena za munthu wina, koma atenga. Anakakulunga m'mpango.

Maofesi anatha. Khoma analimanganso, kusiya mpata pamene panali zikhatho, ndipo ndimamva kuti alendo amayamikira mpatawo kuti ndi luso. Ine tsopano ndimagulitsa matailosi ku Lusaka. Kasitomala akandionetsa pulani, ndimanena msanga kuti sindidziwa. Minibasi ikamadutsa pamalo paja, ndimakhala mbali inayo.