Kamba wa ku Joni

Lolemba
Abambo a Nelesi alembedwa ntchito ya kumigodi ku Joni. Anyamuka Loweruka, ati pa ndege. Kubwera mpaka mvula ziwiri zitapita. Mtima ukuwawa, koma misozi siikazinga mtedza. Yanga ntchito ndi kamba, mwamuna wanga asakafe ndi njala m'njira ine ndili moyo. Koma kamba wake wochuluka bwanji?

Lachiwiri
Ndafunsa amalume a Chimpeni, amene anapitako wapansi kalekale. Ati ananyamuka atangokolola, kukafika mvula itagwa. Ndiye ndayambapo:
mtedza wokazinga, dengu lodzaza
chimanga chokazinga
ufa, thumba
mfutso wa nkhwani
tambala wandewu uja, masiku ake atha.
Nanga nkhuni m'mwambamo akazitola kuti? Amalume sakudziwa.

Lachitatu
Aphunzitsi a pamishoni andisokoneza mutu. Ati ndege ikanyamuka pa Lilongwe m'mawa, imakatera dzuwa lisanapendeke, ku Fulansisi-chakuti, dzina londikanika kulemba. Kotsalako ndi kwa sitima. Ndafunsa ngati Joni anamusendeza kufupi. Ati ayi, mtunda ndi womwewo. Womwewo? Umene unang'amba amalume mapazi? Pali wina akunama apa. Ufa ndauchotsa.

Lachinayi
Amalume apsa mtima. "Mwana wadzulo uja anapondako? Mtunda sutha ndi pakamwa." Ufa ndaubwezera, ndaonjezanso thobwa m'chipanda. Abambo a Nelesi akungosoka nsapato. Ndawafunsa kuti wolondola ndani. Ati adzandiuza akabwerako. Zothandiza zedi.

Lachisanu
Tachoka pa Namitete pa ngolo ya aneba. Ng'ombe zikungoima. Aliyense wokumana nafe akufunsa ngati tikusamuka, ndipo mayi wina wati pepani, poyesa kuti ukwati watha. Tigona kwa achibale pa Mpingu. Thobwa layamba kale kusasa.

Loweruka
Pabwalo la ndege. Kalaliki ali ndi sikelo yonga yogulira fodya. Kupima katundu, kupimanso munthu! Wayang'ana dengu, wayang'ana ine. "Mayi, ndege si ngolo." Zonse zabwezedwa. Walola mtedza wa m'thumba la malaya ndi ntchafu imodzi ya tambala. Manyazi ake, anthu onse aja akuona.
Ndawanong'oneza abambo a Nelesi kuti ngati kulidi pafupi chonchi, azibwera kudzapalira. Aseka, kenaka asiya kuseka.
Ndege yabangula, yathamanga, yakwera, yazimirira. Munthu wapaulendo timamuperekeza mpaka pamtsinje titamunyamulira katundu. Uyu ndamuperekeza ndi maso basi, katundu ndatsala naye ndine.

Lamulungu
Tafika kumudzi madzulo, msana uli wothyoka, kamba yense tabwera naye. Aphunzitsi ati pamene ife timamasula ng'ombe pa Mpingu dzulo, anzathu anali atatera kale. Amalume, uku akumaliza tambala, ati bodza, munthuyo sanaoloke n'komwe Zambezi.
Nelesi akufunsa ngati atate ake afika. Sindikudziwa, mwana wanga. Afika, sanafike.
Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, ndipo ndasankha kukhulupirira amalume. Kuli bwino kukhale kutali. Ngati ndi ulendo wa m'mawa umodzi wokha, mvula ziwirizi ndingazipirire bwanji?