Nyale za Khirisimasi popanda a Zuze

Lolemba, 15 Disembala

Katundu wa mwana wanga Esinati wafika kuchokera ku Blantyre. Nyale za Khirisimasi, chingwe cha mamita 10. Ndawerenga kawiri: timababu 100.

Esinati afika Lamulungu ndi mdzukulu wanga Tadala, wa zaka zinayi, amene sanapondepo kuno ku Makhanga. Wamulonjeza kuti nyumba ya agogo imathwanima. Pa foni akuti: "Ababa, musakwere nokha. Muitane amalume a Zuze."

Sindiwaitana. Alamu angawo anagwira ntchito ya magetsi ku esiteti ya nzimbe zaka 19, sindikana. Koma atandilumikizira sola chaka chatha, anauza msika wonse kuti ine batire la wailesi ndimaika chozondoka. Zinachitika kamodzi kokha.

Masiku atsala 6. Ndipachika ndekha.

Lachiwiri, 16 Disembala

Zofunika:
misomali 20
hamala
mtondo wokwerapo
mtima wodekha

Khonde ndi mamita 7. Otsala atatuwo azungulira chitseko. Masamu ali bwino.

Mtondo ukugwedera. Mayi a Esinati aima pakhomo, akuti: "Mukamagwa musagwere mbali ya mtsuko."

Msomali woyamba walowa wonse ndi kumenya kumodzi. Wachiwiri chimodzimodzi. Mtanda wa khondewu chiswe chinadya kale mkati! Misomali 6 yasowera momwemo. Yatsala 14.

Lachitatu, 17 Disembala

Misomali ayi. Lero selotepi.

Ndayamba 5:30 malata asanapse. 7:10 ndamaliza. Chingwe chili mowongoka ngati mzere wa m'kope. Ndaima kumsewu kuchiyang'ana.

11:00, dzuwa la kuno! Selotepi yasungunuka ngati uchi. Chingwe chonse pansi.

11:20, mbuzi ya aneba. Ndailanda chingwe pakamwa. 100 kuchotsa 14, kutsala 86. Khonde likwanirabe, chitseko pang'ono chabe.

Lachinayi, 18 Disembala

Ndikulumikiza pamene mbuzi inadula. Mawaya ndi awiri, ofanana ndendende. Ndapota, ndakulunga ndi pepala la shuga, ndalowetsa pa inveta ya sola.

Inveta ikulira ngati mwanapiye wosochera. Ndazimitsa msanga.

A Zuze adutsa pa njinga katatu lero. Kwawo si njira ino. Ulendo wachitatu aponda pansi mwendo umodzi: "Alamu, wayayu ndi woyanikira nsomba kapena zovala za achemwali anga?"

Ndayankha kuti zikuyenda bwino. Akuti: "Pyadidi, chabwino. Utsi ukatuluka ndiuona ndili kunyumba."

Sindigonja.

Lachisanu, 19 Disembala

Mvula yamphamvu kuyambira 4:00 m'mawa. Ndakhala pamphasa m'nyumba, chingwe pamiyendo. Vuto ndalipeza: mawaya awiri aja amakhudzana. Ndawasiyanitsa, aliyense ndi pepala lakelake.

Zayaka! Zonse 86! Zofiira, zobiriwira, zachikasu. Mayi a Esinati akuti: "Ii, kodi?" Kwa iwowa kumeneko ndi kuyamikira.

Madzulo ndamangirira ndi mlaza. Mlaza susungunuka, mbuzi sifikira. Mfundo 23.

Loweruka, 20 Disembala

Kuyesa komaliza. 6:20 madzulo ndayatsa. Mudzi wonse mdima, nyumba yanga yokha ngati sitolo ya ku Nchalo. Ndakhala pampando. Mphindi 9 zachisangalalo.

6:29, ngumbi imodzi. Kenako khumi. Kenako ngumbi za m'zulu zonse za kuno! Ndinaiwala kuti mvula yagwa dzulo.

6:40, mabeseni. Ndawerenga 11. Amayi, masache, zitenje, phokoso. Ndikupempha mwaulemu kuti asakhudze chingwe. Palibe akundimva. Wina akukuwa: "Tsitsani pang'ono, baba, zikuthawira kudenga!" Wina wamenya chingwe ndi tsache kuti ngumbi zigwe. Wamenyayo ndi mayi a Esinati.

Mlaza waduka. Chingwe thibu! m'beseni la madzi. Phu! Mdima. Inveta yangoti zii.

Pochoka mayi wina akuti: "Takhuta, zikomo baba. Mawa muyatsenso."

Lamulungu, 21 Disembala

Esinati waimba ali pa boti. Kumbuyo kwake ndikumva Tadala akufunsa za nyale.

Titaweruka ku tchalitchi ndapita kwa a Zuze. Angovala ovolosi yawo ya ku esiteti, asenza makwerero, adzera njira ya kumsika. Njira yachidule ilipo.

Fiyuzi asintha. Waya aumitsa, adula mbali yopsa. Zotsala: 52. Khonde silikwanira.

6:15 zayaka. Tadala akudumpha, akuomba m'manja, mkamwa muli ngumbi zokazinga. Esinati akuti: "Mwaona ababa, mwachita bwino kundimvera." A Zuze akuuza mwanayo: "Agogo akowa athandiza kwambiri. Agwira makwerero."

Ndi zoona. Ndagwira mphindi 25. Sanagwedezeke ngakhale kamodzi.