Ukwati wa Eni Ake ku Orvieto

Nkhani iyi mkazi wanga Nangozo anandiletsa kuinena pagulu. Koma popeza iyeyo waifotokoza kale kumphakati, kuchigayo mpaka pamsika wa Nsipe, ndi bwino muimveko kwa mwini wakene.

Unali ulendo wa akhristu a m'parishi yathu wopita ku Roma, ndipo mwana wathu wamkazi anatilembetsa tonse awiri. Tangoganizani, ine mlimi wa kachewere wa kufupi ndi Nzama, amene ndege ndinkangoionera m'mwamba ndili ndi khasu m'manja! Masiku a mapemphero atatha, bambo mfumu anati tsiku lomaliza tikaone Orvieto, mzinda wakalekale womangidwa pamwamba pa thanthwe. Kuchokera kumeneko basi inali yoti itifikitse kubwalo la ndege.

Tinakwera pa kasitima kokokedwa ndi chingwe (ndinatsinzina njira yonse, anzanga ndinawauza kuti ndikupemphera). Titafika pamwamba, abale anga, maso awiri anandichepera. Tinjira ta miyala topapatiza, nyumba zoposa zaka za agogo a agogo athu, tchalitchi chachikulu cha mizeremizere ngati mbidzi. Ndinkangoseka ndekha.

Mayi wotionetsa malo anakweza ambulera yachikasu n'kulankhula, bambo mfumu akumasulira.

“Akuti tsatirani ambulera iyi. Mukaitaya, mwatayika.”

Tinalipo anthu ambiri, koma Nangozo anayang'ana ine.

Tikudutsa pa kamsika kena ndinaona mbatatesi. Mlimi angapitirire bwanji? Ndinatola imodzi, kuitembenuza, kuikanda ndi chikhadabo. Kenako ndinayamba kufotokozera wogulitsayo ndi manja kuti za kwathu zimakula ngati chibakera. Nayenso anandiyankha ndi manja, ndipo tinatsutsana bwinobwino popanda kumvana liwu ndi limodzi lomwe. Potembenuka, gulu lathu palibe.

Mwamwayi, patsogolo ndinaona ambulera yachikasu ikukhota pakona. Ndinathamanga n'kukalowa kumbuyo kwa chigulu cha anthu. Ndinadabwa pang'ono kuti onse ndi azungu ovala masuti, koma ndinati anzanga ali kutsogolo. Tinakhota uku, tinakhota uko, mpaka tinalowa pachipata china. Mkatimo munali bwalo lokongola, matebulo ataliatali a nsalu zoyera, maluwa mbwee. Mumtima ndinati: bambo mfumu atikonzera phwando lotsanzika, ndipo ine ndafika woyamba.

Mwini ambulerayo ataipinda, ndinaona kuti ndi gogo wina wovala chipewa, osati mayi wathu uja. Apa munthu wanzeru akanatuluka. Koma mkulu wina wonenepa anandikumbatira, kundipsompsona masaya onse awiri (chiyambire sindinapsompsonedwepo ndi munthu wandevu), n'kundikhazika pampando. Ndinali nditavala suti ndi tayi, ndiye ndinangokwanamo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti akuchimuna ankandiyesa mlendo wa akuchikazi, akuchikazinso chimodzimodzi.

Posakhalitsa panalowa mkwati ndi mkwatibwi. Mayo ine, ukwati wa eni ake! Ndinadzuka kuti ndizembe, koma gogo wa ambulera uja anandikoka jekete, akuloza mbale n'kumati, “Manja! Manja!”

Ndinasangalala kuti mzungu akudziwa Chichewa. Ndinaomba m'manja mwamphamvu, bwalo lonse n'kundithandiza. Gogoyo anabwerezanso, “Manja!” Ine n'kuombanso. Kachitatu anangondiika foloko m'dzanja. Kani m'chilankhulo chawo mawuwo amatanthauza kuti idyani.

Ndinadyatu. Mbale ikatha ndinkayesa kuti basi, kumabweranso ina. Vinyo naye sankalola kuti kapu ioneke pansi. Nkhani ya basi ndi ndege inasungunuka m'mutu ngati mchere m'madzi. Ndiye woimba akodiyoni atayamba, mwendo wanga wakumanja unayamba kugunda wokha. Mngoni ndi Mngoni. Ndinatenga thireyi kukhala chishango, ambulera ya gogo kukhala chibonga, n'kulowa pakati. Ndinaponda ngoma ya kwathu mpaka makapu kulira patebulo. Azibambo anandanda kumbuyo kwanga kumanditsanzira, mkwati yemwe, thukuta lili kamukamu.

Mwendo uli m'mwamba choncho, ndinaona anthu atatu pachipata: wapolisi, bambo mfumu, ndi Nangozo. Maso ake anali ofiira.

“Abambo,” anatero motsitsa mawu, “mukutani kuno?”

“Nangozo, anthuwa andiitana.”

“Akuitanani m'chilankhulo chanji?”

Ndinatsitsa mwendo pang'onopang'ono.

“Maola awiri tikukufunani! Ine ndasuzumira mpaka kuphompho, ndimati mwagwa. Ndimati ndikawauza chiyani ana? Anthu onse ali m'basi, dalaivala akufuna kunyamuka, inu muli ndi thireyi!”

Apo manyazi anandigwira enieni, chifukwa mayiyu anali atalira zoona. Bambo mfumu ankayesetsa kukwinya nkhope, koma mapewa awo ankagwedera. Atafotokozera eni ukwati kuti ndine yani, kunabuka chiseko choti wapolisi yemwe anagwira khoma. Mkwatibwi anakana kuti tichoke tisanajambulitse. Anamukoka Nangozo, anandikoka ine, atangotijambula, ife liwiro kutsetsereka. Basi inatithamangitsira kubwalo la ndege, komwe tinafika akuitana kale anthu a ndege yathu.

Patatha miyezi iwiri bambo mfumu anandiitana Misa itatha n'kundipatsa envulopu. Anthu aja anatumiza chithunzi. Ine ndili pakati penipeni pa mkwati ndi mkwatibwi, tayi ili paphewa, mano onse pamtunda. Nangozo ali pambali, nkhope ngati ali pamaliro.

Ndinamulonjeza kuti sindidzalowanso paphwando lomwe sindinaitanidwe, ndipo mpaka lero ndikusunga lonjezolo, kupatula kawiri. Chithunzicho ndinachiika m'felemu pabalaza. Alendo akafunsa kuti azunguwa ndi ndani, ndimayamba ndasuzumira kukhitchini. Nangozo akakhala kuti ali kutali, ndimayankha kuti ndi achibale athu a ku Italy.