Matisheti a Chiliza cha Amuna Anga

Mpaka lero ndikamadutsa pa msika waukulu wa Mzuzu ndimakokera duku kumaso. Chifukwa chake ndi matisheti.

Tinkakonzekera kuvundukula chiliza cha malemu amuna anga, ndipo ana anati tivale matisheti okhala ndi nkhope ya bambo awo. Ntchitoyo ndinaigwira ndekha (ana a masiku ano ukawatuma mchere amabwera ndi nkhani). Ndinapita kwa a Mhango, bambo wojambula pa kompyuta kuseri kwa msika.

"Monire mama. Ndibwerekeni chithunzicho ndichilowetse m'makina."

Ndinakana. Chithunzi cha mwamuna wanga n'chimodzi chokha, ndipo ndani akudziwa zimene anthu amachita ndi nkhope za akufa?

"Chabwino, ndiyamba ndaika changa kuti muone maonekedwe ake. Mukakhutira tidzasintha."

Anakhala maola awiri akusuntha maluwa ndi zilembo, ine ndili kumbuyo kwawo, chikwama pachifuwa. Atatchula mtengo ndinaseka.

"A Mhango, mwakhetsa thukuta liti? Amene wagwira ntchito ndi kompyutayu. Inu mumangomugwedeza."

"Mugwedezeni inu, mama," anatero akundipatsa mpando.

Sindinakhalepo. Ndinawapempha anditumizire pa foni kuti abale aone kaye. Abale ake ati? Ndinalunjika ku depoti, kwa mayi wina wosindikiza motchipa. Ndinamuonetsa za pa foni, kenako chithunzi cha amuna anga, chili m'manja mwanga.

"Muchotse uyu, muike awa."

"Yewo, agogo," anayankha maso ali kwa kasitomala wina.

Matisheti makumi anayi anabwera omangidwa mu thumba. Ndinaliika pansi pa bedi kunyumba kwanga ku Geisha, osalola munthu kulitsegula. Abale amaba.

Ndinalimasula kumanda, abusa ataima kale. Alamu anga anavala yawo, n'kuyang'ana pamimba.

"Mlamu, achimwene anamera liti ndevu?"

Pa tishetipo panali nkhope ya a Mhango. Akumwetulira pakati pa maluwa, pansi pake palembedwa kuti Usani Mumtendere, Bambo Wathu. Apongozi aakazi a mwana wanga anandiyang'ana ngati adziwa chinsinsi cha zaka makumi atatu. Ena anali atavala kale, ndipo chifukwa cha kuzizira kwa Mzuzu anakana kuvula.

Mayi wa ku depoti anati iye amangosindikiza chimene wapatsidwa, zosintha nkhope ndi za ojambula. Ndinabwerera kwa a Mhango Lolemba. Ndinapeza akazi awo ali pakhomo, maso ofiira: anthu a kumpingo, ataona matisheti aja, anali atabwera kale kawiri kudzawapepesa maliro.

Ndinalipira mtengo wonse osanenerera, ndipo chithunzi ndinachipereka ndi manja awiri. Koma pamene ankachilowetsa m'makina ndinaimabe kumbuyo kwawo. Munthu amene wafa kale kamodzi, sungadziwe zimene angachite.