Tsiku Limene a Ndivala Anavala Diresi

Telala wa pakhonde la golosale uja, malemu a Ndivala, ankadziwika ndi chinthu chimodzi: chovala chilichonse chimene wophunzira wawo wawononga, ankavala iwo. Kukalipa sankakudziwa. Ankangochitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Palibe kanthu, ndivala." Ndiye umawaona akudutsa mumsewu monyadira, shati mkono wina wofika m'bondo, thumba la thalauza lili pakatumba, kolala itayang'ana kumsana. Akazi awo anasiya kalekale kuyenda nawo limodzi.

Kenako kunabwera mtsikana wina amene anthu ankamutcha Sindine. Ameneyu ngakhale umupeze sizasi ili m'manja, nsalu itadukira polakwika, yankho linali lomwelo. Atelala awiri anali atamuthamangitsa kale, ndipo azakhali ake omulera ananenetsa kuti akachotsedwanso pamenepa, alongedze katundu aone kolowera.

Tsiku lina akusita diresi la mayi wina mphunzitsi, maso ali kumsewu, simbi inadya nsalu n'kusiya bowo lolowa mutu wa mwana. Sindine anakwinya diresilo msangamsanga n'kulikankhira pansi pa thumba la zidutswa. Atafunsidwa, anati mwina lapita ndi mphepo, kapenanso makoswe. A Ndivala anangogwedeza mutu, n'kudandaula kuti makoswe a masiku ano akonda kutchena.

M'mawa mwake Sindine anafika mtima uli m'mwamba, n'kupeza khonde ladzaza anthu, ena atagwira nthiti. A Ndivala anali pamakina, atavala diresi la maluwa lija pamwamba pa thalauza, bowo lili pamimba, akusokera aphunzitsi lina latsopano.

"Madala, kodi mutu ukuyenda bwino?" anafunsa wagolosale.

"Ndaliwotcha ndekha dzulo, ukalamba uwu. Ndiye ndilitaye?"

Aphunzitsi atafika sanaseke nawo. Anawalalatira pagulu kuti ngati maso atha akapume kunyumba, asamawonongere anthu zinthu. Mkuluyo ankangoti pepani mayi, pepani mayi. Sindine anali atazolowera kutukwanidwa, koma kuona munthu wa imvi akutukwanidwa m'malo mwake kunamupweteka kuposa mbama. Manyazi anamugwira, misozi ili lengelenge.

"Si iwo ayi. Ndawotcha ndine, n'kubisa."

Anaima chilili, kudikira kuuzidwa kuti azipita.

"Wachita bwino kunena, mwana wanga, chifukwa likundithina m'khwapa. Tabwera undivule, zipi wakana."

Mlandu unathera pomwepo. Masana ake anamuphunzitsa kuyesa simbi pakachidutswa asanaiike pa nsalu ya mwini. Kuyambira apo mtsikana anasintha mpaka kupitirira muyezo: singano ikathyoka m'manja mwa wina, woyamba kupepesa anali iye.

A Ndivala anatisiya chaka chatha. Khonde lija tsopano ndi la Sindine, makina alipo atatu, ndipo azakhali aja ndi amene amayamba kudzitama kuti analera telala. Koma msewu wazizira. Aliyense amadutsa atavala bwinobwino, palibe chotembenukira, ndipo wagolosale amangosinza pakauntala. Sindine amawasowa zedi mkulu uja. Nkhani yawo ikayamba amaseka nawo, kenako amaimitsa makina n'kunena kuti munthu ameneyo anamukhulupirira asanakhale wokhulupirika, ndipo anapita iye asanamuthokoze mokwanira.