Basileusi wa pa Ngolo

Ine Chigiriki ndimachilankhula mpaka Agiriki eni ake amandipempha kuti ndichepetse liwiro. Chabwino, ndanama. Mgiriki sindinamuonepo, ndipo mawu amene ndimadziwa ndi awiri okha, obwereka kwa mlamu wanga, malemu a Efulemu, mwini ngolo ija inkayenda pakati pa Mitundu ndi Nathenje. Aliyense wokwera ngolo yawo ankamutchula kuti basileusi, akakhala mayi basilisa. Koma eni ake sankakwera. Ankayenda pansi, pambali pa ng'ombe, kaya kugwe mvula kaya dzuwa liswe mtengo.

A Efulemu anabwera kuno kuchokera ku Phalombe kudzagwira utenanti wa fodya, n'kukwatira mlongo wanga, kenako n'kupeza ngolo. Tsiku lina anatola abusa ochokera ku Nkhoma amene njinga yawo yamoto inatitimira m'matope. Atakhala pamwamba pa mabelo a fodya, abusawo anaseka n'kunena kuti lero akwera ngati basileusi. Anafotokoza kuti m'Chigiriki, chinenero chimene analembera Chipangano Chatsopano, mfumu amaitchula choncho. Davide ndi basileusi, Herode naye, ngakhale pa mtanda paja analembapo mawu omwewo. Mfumu yaikazi ndiye basilisa.

Mlamu wanga anatolapo zakezake: basileusi ndi amene wanyamulidwa, ndipo wonyamula sakhala mpando umodzi ndi mfumu. Mapazi awo anafika pouma moti minga inkawaona n'kupatuka yokha.

Tsiku lina ndinawapeza akupita ku msika ndi nkhumba, akuiuza kuti basilisa akhululuke chifukwa cha mabampu.

"Alamu, nkhumbanso?"

"Yakwera kapena sinakwere?"

"Yakwera."

"Ndiye vulani chipewa."

Kapitawo wina wa pa esiteti, woyenda pa galimoto, anafuna kuti nayenso azitchulidwa. Anamuyankha mwaulemu kuti ngolo ilipo, akwere. Sanakwere, ndipo anakhalabe kapitawo.

Koma ambiri okwera ngolo ija sanali oseketsa. Anali matenanti odwala, anthu ochokera kutali, opanda wowaperekeza. Ndimakumbukira mayi Enifa, matenda a uchembere atawayamba mwamuna ali ku okushoni ya fodya. A Efulemu anathamanga kutsogolo kwa ng'ombe akukuwa kuti anthu apatuke, basilisa akudutsa. Ine ndimati maminibasi onse anaima mpaka ku Lilongwe, ena amati inaima imodzi. Mayiyo anabereka mapasa ku chipatala, ndipo ankati chiyambire kuno palibe anawatchulapo dzina lina koma "mkazi wa tenanti uja."

Madzulo ena tikumasula ng'ombe, anandiuza osandiyang'ana: "Alamu, kuno ndilibe m'bale. Tsiku limene ndidzakwere, mudzayende kutsogolo, mudzanditchule anthu amve." Ndinawalonjeza kuti ndidzakuwa mpaka anyani a ku Dzalanyama adzagwada. Anaseka, koma anandigwira dzanja nthawi yaitali.

Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira ya chaka chatha. Titamanga ngolo kuti tiwatengere ku chipatala, anakana kukwera. Anayenda kumbuyo atagwira thabwa, ngolo ili yopanda kanthu, akupumira pa mtengo uliwonse. Anakwera pobwerera, ali m'bokosi.

Lero msewu uja ndi wa njinga zamoto. Anyamata amangoti "tiyeni, bwana," n'kukugwedeza mpaka impso kusinthana malo. Ngolo ili kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo palibe amene amazivulira chipewa. Matenanti akamadwala amapitabe ku chipatala, koma amapita ngati katundu.

Sabata yatha ndinali pa msika wa Mitundu, ndikusimbira anzanga za maliro aja. Ndinati ndinayenda kutsogolo nditatukumula chifuwa, n'kukuwa "Basileusi akudutsa!" mpaka malata a m'magolosale ananjenjemera, ng'ombe zinagwada, abusa anagwetsa buku la nyimbo. Sindinaone kuti Ethel, mwana wa malemuwo, waima kumbuyo kwanga ndi mtolo wa mpiru.

"Malume," anatero, "ng'ombe ndinatsogolera ndine."

Ndinati mwina fumbi linamutseka m'maso.

"Kunalibe fumbi. Inu munali kumbuyo, mutagwira thabwa lomwe lija ankagwira bambo. Munatsegula pakamwa katatu, mawu osatuluka. Amene anawatchula ndi mayi Enifa, kenako matenanti onse." Anakonza mtolo wake, n'kundipatsa kansalu. "Pukutani m'maso, malume. Mwayambanso."