Penti Yofiira pa Mango Anga

Ine amene ndinakokapo ng'ona kumchira mumtsinje wa Bua, nkhani iyi ndimaibisa. Koma lero imveni, manyazi sapha munthu.

Pafupi ndi msika pa boma panali mtengo wanga wa mango. Ndimati wanga chifukwa ndi pomwe ndinkasewerera bawo ndi kusimba nkhani zanga. Mthunzi wake maminibasi khumi ankakwanamo osakhudzana.

Tsiku lina kunabwera mayi wa kukhonsolo, wokonza mapulani a ngalande yatsopano. Ankayeza mitengo ndi tepi, kuyang'ana m'mwamba, kenako n'kupaka penti yofiira pathunthu. Wanga anaupaka. Wa kutsidya kwa msewu, pomwe amakhala a Bwanali, mdani wanga pa bawo, anaudumpha.

Mtima sunakhale pansi. Pentiyi ndi ya chiyani? Koma ine kufunsa, anthu akuona? Anzanga atandifunsa, ndinawauza kuti za mapulani ndinazidziwa iwo asanabadwe: chofiira ndi magazi, mtengowo aupha.

M'mawa mwake ndinapala penti yonse ndi chikwanje n'kumatapo dothi. Kenako ndinatenga penti yotsala pa bwato la mlamu wanga n'kukapaka mtengo wa a Bwanali, mozungulira bwinobwino.

Anyamata a macheka atafika, ndinakhazikika pampando pansi pa mtengo wanga kuti ndione a Bwanali akulira. Kapitawo wawo anandipempha mwaulemu kuti ndisunthe.

"Mwasokera, ana inu. Wofiira ndi uwo."

"Eya, agogo. Yofiira ndiyo yosadula. Ngalande imaizungulira."

Ndinalumbira kuti wanganso unali wofiira. Anafunsa kuti nanga penti yapita kuti. Ndinati mwina mvula. Anayang'ana kumwamba, mwezi wa Okutobala! Kenako anayang'ana manja anga. Anali akadali psuu.

Mtengo unagwa, phokoso lake linamveka mpaka ku Benga.

Mayi uja atamva sanakalipe. Anandipatsa kambande ka mango, ati ndizikathirira. Mthunzi wake pano umakwana nkhuku imodzi, itagona chammbali.

Ngalande inakhota ngati njoka pa mtengo wa a Bwanali, ndipo bawo ndimasewerera komweko. Mlendo akafika, iwo amandiloza: "Apatseni moni akuluwa. Ndi amene anandisungira mthunzi."

Manyazi a kufunsa amatha tsiku lomwelo, koma dzuwa la ku Nkhotakota limatuluka tsiku lililonse.